Zeckendorf: Anamanga Mizinda, Nkhongole Inamugwetsa

Mukakwera basi ya ku Chelstone kupita mu tauni, yang'anani pawindo. Muona nyumba zina zinaima pakati, zilibe malata, udzu wamera mkati. Kambiri mwini wake sanathawe nchito. Ndalama ya nkhongole ndiyo inatha nyumba isanathe. Matenda aya si a Lusaka cabe. Anagwetsa ngakhale munthu amene anali mfumu ya maploti ku America, William Zeckendorf.

Zeckendorf anabadwa mu 1905 ku Illinois, koma anakulira ku New York. Mu 1938 analowa kampani ya Webb & Knapp, ndipo pambuyo pake anaitenga m'manja mwake. Luso lake linali kuona ndalama pamalo pamene ena aona dothi. M'mbali mwa mtsinje wa East River munali malo ophera ng'ombe, onunkha, amene anthu anali kuwapewa. Iye anayamba kuwagula mwakacetecete. Mu December 1946 John D. Rockefeller Jr. anagula malowo pa madola 8.5 miliyoni n'kuwapereka ku United Nations. Ndipo pamene Zambia inalowa m'bungwelo pa 1 December 1964, mbendera yathu inakwezedwa pa ploti imene Zeckendorf anasonkhanitsa.

Kucokera apo sanayang'anenso kumbuyo. Mu 1948 analemba nchito mnyamata wojambula mapulani, I. M. Pei, amene pambuyo pake anadziwika dziko lonse. Mu 1953 anagula Chrysler Building. Anamanga ku Denver, anamanga Place Ville Marie ku Montreal, anayambitsa Century City ku Los Angeles.

Manje vuto inali apa. Pafupifupi zonse izi zinali pa ndalama zobwereka. Anali kukongola kuti ayambe nyumba yatsopano yakale isanayambe kubweza, ndiye kukongolanso kuti alipire nkhongole yoyamba. Mabanki akulu atayamba kukayika, anapita kwa obwereketsa a ciwongoladzanja cokwera maningi. Kuno timati kaloba, kusiyana kwake n'kwakuti yake inali ya mamiliyoni. Malo a zosangalatsa a Freedomland, amene anatsegulidwa mu 1960, anadya ndalama mpaka anatsekedwa mu 1964. Anayamba kugulitsa katundu mmodzimmodzi, koma dzenje linali litakula kale. Mu 1965 Webb & Knapp inagwa. Mu 1968 iye mwini anakavomera kukhoti kuti sangathe kulipira amene anamukongoza. Anamwalira mu 1976.

Comvetsa cisoni n'cakuti maso ake sanali kunama. Malo amene anasankha lero ndi a mtengo wapatali, nyumba zake zikali ciimire ndipo zipanga ndalama. Koma amene adya ndalamazo ndi aja anagula pamene iye anali pampanipani. Nyumba itenga zaka kuti iyambe kubweza, koma wa nkhongole abwera kumapeto kwa mwezi uliwonse.

Ndiye imwe amene muli ndi kaploti, muganiza zoika pepala la nyumba ya ku Kabwata kubanki kuti mumange mafulati ngati a ku Woodlands kapena Kabulonga, khalani pansi ndi bolopeni coyamba. Werengani kuti mudzalipira na ciani miyezi ija imene mafulatiwo adzakhala alibe denga, alibe wa lendi. Ngati yankho ndi nkhongole ina, kumbukani mdala uyu wa ku New York.