ROBERT BOSCH: MMISIRI AMENE ANASUNGA DZINA LACE KOPOSA NDALAMA

Awerengi athu amene amayenda pa basi, kapena kutumiza cimanga ku msika pa lole, anamvapo dalaivala akudandaula kuti batire yatha moto. Kawiri-kawiri colakwa cimakhala pa alternator, kacipangizo kamene kamadzaza batire pamene injini ikuyenda. Lero tikamba za munthu mmodzi mwa amene anayambitsa nchito ya magetsi a m'galimoto, pakuti moyo wace utithandiza kuzindikira cifukwa cace zipangizo zina zokonzedwanso zimakhalitsa pamene zina zimafa mwezi usanathe.

Robert Bosch anabadwa pa 23 September 1861 m'mudzi wa Albeck, pafupi ndi mzinda wa Ulm ku Germany. Anali wa nambala 11 mwa ana 12. Atate ace anali mlimi, ndiponso anali ndi nyumba yogona alendo. Kuyambira 1876 kufikira 1879 mnyamatayu anaphunzira umisiri wa tizitsulo ting'ono-ting'ono ku Ulm. Pambuyo pace anayenda-yenda kufuna nzeru: mu 1884 anaoloka nyanja nakagwira nchito m'fakitale ya Thomas Edison ku New York, ndipo caka cotsatira anali kwa Siemens Brothers ku England.

Pa 15 November 1886 anatsegula kanyumba kace ka nchito ku Stuttgart. Zaka zoyamba zinali zowawa. Iye anali kuika mabelu ndi matelefoni m'nyumba za anthu, akuyenda pa njinga kukaona makasitomala. Mu 1892 ndalama zinasowa kotero kuti anacotsa pafupi-fupi anchito ace onse. Ngakhale zinali tero, sanalole kupeputsa nchito kuti apeze phindu la msanga.

Cimene cinamkweza ndi magneto, cipangizo cotulutsa mphezi yaing'ono yoyatsa mafuta mu injini. Anapanga yoyamba mu 1887, ya injini yoima pamalo amodzi, ndipo mu 1897 anchito ace anaiika pa galimoto ya mawilo 3. Mu 1902 Gottlob Honold, amene anaphunzira nchito m'manja mwa Bosch ali mnyamata, anakonza magneto yamphamvu yogwirizana ndi pulagi. Posakhalitsa opanga magalimoto a ku France, England ndi America anayamba kuitanitsa katunduyo. Mu 1913 fakitale inatulutsa nyale za galimoto pamodzi ndi dainamo, batire ndi regulator, ndipo mu 1914 inatulutsa sitata. Dainamo imeneyo ndiyo kholo la alternator ya masiku ano.

Bosch anali munthu wobvuta pa nchito. Anali kuyendera mabenci a amisiri, ndipo sanali kulekerera cinthu copangidwa mwaulesi kapena kuononga zitsulo. Cikhulupiriro cace cinali cakuti ndalama zotayika zimabweranso, koma wogula akaleka kukukhulupirira sabwerera. Anaonanso kuti munthu wotopa ndi wanjala sangathe kusamala tizinthu tating'ono. Cifukwa ca ici mu 1906 anakhazikitsa tsiku la nchito la maora 8, nalipira malipiro abwino, kotero kuti eni mafakitale anzace anamuona ngati wopanduka. Komabe mtendere sunalipo nthawi zonse, pakuti mu 1913 anchito ace ananyanyala nchito, ndipo mkanganowo unamuwawa mtima kwambiri.

Iye anazindikira kuti cipangizo cabwino cikhoza kuonongeka m'manja mwa wokonza wosadziwa. Kotero mu 1921 garaji yoyamba yobvomerezedwa ndi kampani yace inatsegulidwa ku Hamburg, ndipo zina zinafalikira m'maiko ambiri. Colinga cinali cakuti cinthu cokonzedwa cigwire nchito monga catsopano.

Caka comweco ca 1921 mwana wace wamwamuna anamwalira atadwala nthawi yaitali. Bosch anapereka cuma cambiri ku nchito za cifundo, ndipo mu 1940 cipatala cochedwa ndi dzina lace cinatsegulidwa ku Stuttgart. Masiku ace otsiriza anagwera mu ulamuliro wa Hitler. Iye ndi akapitao ace ena anathandiza Ayuda ozunzidwa, nalemba nchito Carl Goerdeler amene anali kutsutsa Hitler mobisa. Koma mbiri sibisa kuti pa nkhondo yaciwiri mafakitale ace anapanga zipangizo za asilikali, nagwiritsa nchito anthu ogwidwa mokakamiza. Anamwalira pa 12 March 1942 ali ndi zaka 80.

Alternator inalowa m'magalimoto wamba iye atapita kale. Kampani ya Chrysler ku America inaiika m'galimoto ya Valiant mu 1960, ndipo ena anatsatira cifukwa imadzaza batire ngakhale injini ikulira pang'ono-pang'ono, cimene dainamo inali kulephera. Popeza yatsopano ndi yodula, anthu ambiri amagula yakale yokonzedwanso. Apa ndi pamene phunziro la Bosch likutikhudza.

Mkati mwa alternator muli gudumu la mawaya lozungulira, mawaya ena oima, mabulashi 2, mabering'i 2, ma diode oongola magetsi, ndi regulator yoyeza mphamvu. Mmisiri woona amamasula zonse, amayesa mawaya, amacotsa mabulashi ndi mabering'i akale, amaona ngati mphete zimene mabulashi amakhudza zadyeka, ndipo pomaliza amaizungulitsa pa benci ataisenzetsa katundu wa magetsi. Wofuna phindu la msanga amangotsuka kunja, kupaka utoto wonyezimira, ndi kusintha kanthu kamodzi kokha kamene kanafa. Zina zonse zotopa zimatsala momwemo. Ena amaika ma diode ochipa amene sapirira kutentha kwa injini.

Zizindikiro zace sizibisika. Bering'i yakutha imalira. Diode yoonongeka imadya moto wa batire usiku galimoto itaima, ndipo m'mawa sitata siitembenuka. Regulator yoipa imapereka mphamvu yopitirira, madzi a m'batire nauma, mababu napsa. Pa galimoto ya batire ya mavolti 12, alternator yabwino imaonetsa mavolti pafupi-fupi 14 injini ikuyenda. Lole ikaima pakati pa chire cifukwa ca kanthu kotere, wobvutika ndi mlimi amene tomato wace aolera pa mseu, kapena wodwala amene akudikira kufika ku cipatala.

Tsono inu ogula, dzina lolembedwa pa cikhokho ca alternator limanena za amene anaipanga poyamba. Silinena za dzanja limene linaitsegula pambuyo pace. Funsani zimene zasinthidwa mkati, pemphani kuti aiyese inu mukuona, ndipo landirani kalata yolonjeza kubweza ngati ifa msanga. Ndipo inu amisiri a m'magaraji athu, kumbukirani mwana wa mlimi wa ku Albeck. Iye anayamba ndi anchito 2 okha, koma dzina lace likali kuchulidwa cifukwa sanalole cinthu kutuluka pakhomo pace cisanayesedwe.