Nikolai Vavilov, mkulu amene ankatola mbewu

Pamene kopaletivu yathu ikukwanitsa zaka 10, ndati ndikuuzeniko za munthu amene sanafikepo kwathu kuno, koma ntchito yake imakhudza nkhokwe ya aliyense wa inu.

Nikolai Vavilov anabadwira ku Moscow, m'dziko la Russia, mu 1887. Kwawoko njala inkagwa kawirikawiri, ndipo iye ankakhulupirira kuti mankhwala ake ali m'mbewu zosiyanasiyana zimene alimi wamba amasunga, komanso m'zomera zakutchire zomwe ndi abale a mbewuzo. Ndiye anauyamba ulendo: Iran mu 1916, Afghanistan mu 1924, Ethiopia mu 1927, Mexico mu 1930. Kulikonse ankalowa m'minda ndi m'misika, kutola tirigu, balere, nyemba, chimanga, n'kumalemba komwe wazipeza.

Za abale akutchirezi musazione ngati zachilendo. Mukadzala chimanga choyera pafupi ndi munda wa chimanga chachikasu, pokolola simupeza njere zachikasu apo ndi apo? Imakhala mphepo, yanyamula mungu wa ku ngayaye za mnzanu n'kukauthira pa ndevu za chimanga chanu. Ku Mexico zoterezi zimachitika pakati pa chimanga ndi udzu wina wotchedwa teosinte, womwe ndi kholo lake ndipo umamera m'mbali mwa minda. Chomera chakutchire sachipalira munthu, feteleza sichimudziwa. Chapulumuka chokha ku ng'amba, matenda ndi tizilombo kwa zaka zosawerengeka, ndipo mphamvu imeneyo ndi yomwe akatswiri amaifuna popanga mbewu zatsopano. Mapira ndi khobwe wathu nawonso ali ndi abale otere muno mu Africa, ena timawazula tikamapalira.

Pofika 1940, nkhokwe ya Vavilov ku Leningrad inali ndi timapaketi ta mbewu toposa 200,000. Koma anasemphana ndi Trofim Lysenko, amene ankalonjeza zokolola zambiri mwachidule ndipo Stalin ankamumvera. Mu Ogasiti 1940 anamumanga ali ku Ukraine, akutola mbewu. Anamwalira mu Januwale 1943 m'ndende ya ku Saratov, ndipo chinamupha ndi njala yomwe ankalimbana nayo ija.

Nthawi imeneyo asilikali a Germany anali atazinga mzinda wa Leningrad, kuyambira 1941 mpaka 1944. Ogwira ntchito a Vavilov anapitiriza kulondera mbewu zija, kuziteteza ku makoswe ndi kuzizira, osadyako. Dmitri Ivanov, woyang'anira mpunga, anafa ndi njala mpunga uli pomwepo. Alexander Shchukin, katswiri wa mtedza, anafera patebulo pake. Inu amene munasungapo mbewu ya mtedza mpaka mvula yoyamba, ana akuiyang'ana, mukumvetsa kulemera kwake kuposa ine.

Boma linayeretsa dzina lake mu 1955, ndipo nkhokweyo ilipobe, mumzinda womwe lero ukutchedwa St Petersburg. Kuno kwathu nkhokwe yotere ili ku Chitedze. Ngati muli ndi mawere, nzama kapena mapira a makolo amene anzanu anasiya kudzala, tiuzeni ife alangizi tidzaone musanakagayitse kapena kuphika thumba lomaliza.