James Chuma ndi Seŵero la Ukapolo

James Chuma anali Myao amene anagwidwa ukapolo akali mwana. M'chaka cha 1861 David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anammasula, nakakhala ku Magomero. Pambuyo pake anakaphunzira ku Bombay, ndipo mu 1866 anabwerera kuno ku Africa ndi Livingstone. Mzunguyo atamwalira kwa Chitambo mu 1873, Chuma ndi Susi ndiwo anatsogolera anzawo kunyamula mtembo miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo. Anatsogoleranso amtengatenga a Joseph Thomson, namwalira ku Zanzibar mu 1882.

Ambiri a ife pophunzitsa za ukapolo timathamangira seŵero: chingwe, goli, chikoti. Koma m'kalasi ya ku Kawale kapena ku Chinsapo, Mcheŵa, Myao ndi Mngoni amakhalira benchi limodzi. Wovekedwa goli lero, maŵa pabwalo anzake amutcha kapolo. Ndipo mbali ya wogulitsa anthu nkwapafupi kuikankhira kwa mwana wa Chiyao, kuiŵala kuti wogulitsidwayo naye anali Myao. Goli tiwaonetse pa chithunzi. Ana aseŵere ulendo wa ku Bagamoyo, Chuma ali patsogolo akugaŵa ntchito.