Mbiri ya a Thomas Edison, amene anafikitsa babu la magetsi m'nyumba za anthu

Mababu akale a magetsi, aja okhala ndi kawaya kotentha mkati, akusiyidwa m'maiko ambiri ndipo m'malo mwake mwalowa mababu a LED amene amadya magetsi ocepa. Nkhani yake yagona pa mtengo. Ndi nkhani yomweyo ya mtengo imene inacititsa a Thomas Alva Edison a ku America kulimbikira nchito yokonza babu la kawaya, cifukwa anafuna kuunika kochipa kuposa nyale za gasi za masiku awo.

A Edison anabadwa pa 11 February 1847 m'tauni ya Milan, m'cigawo ca Ohio, ndipo anali omaliza m'banja la ana asanu ndi awiri. Mu 1854 banjalo linasamukira ku Port Huron, m'cigawo ca Michigan. Kusukulu anangokhalako miyezi yocepa. Amai awo, a Nancy, amene kale anali mphunzitsi, ndiwo anawaphunzitsa pakhomo. Ali mnyamata anayamba kugulitsa nyuzipepa ndi maswiti m'sitima yoyenda pakati pa Port Huron ndi Detroit. Pa nthawi yomweyo makutu awo anayamba kubvuta, ndipo sanali kumva bwino kwa moyo wawo wonse.

Pambuyo pake anaphunzira nchito yotumiza mauthenga pa waya, imene inawazoloweretsa kayendedwe ka magetsi. Mu 1876 anatsegula malo ofufuzira ku Menlo Park, m'cigawo ca New Jersey, kumene anasonkhanitsa amisiri ndi akatswiri a masamu. Caka cotsatira anapanga makina ojambula mau ndi kuwabwereza, ndipo dzina lawo linamveka m'maiko ambiri.

A Edison sanali oyamba kuyesa babu la magetsi. Ena anali atayesa kale, koma mababu awo anali kupsa msanga kapena kudya mphamvu yambiri. Iwo anaona kuti babu limene lingagulidwe ndi anthu wamba liyenera kukhala ndi kawaya kakang'ono kwambiri kokoka magetsi pang'ono, kuti nthambo za mkuwa zopita m'nyumba zisakhale zazikulu, pakuti mkuwa unali wodula. Atayesa zinthu zambirimbiri, mu October 1879 babu lokhala ndi ulusi wa thonje wosandutsidwa khala linayaka maola opitirira 13. Pambuyo pake anapeza kuti nsungwi za ku Japan zikasandutsidwa khala zimayaka maola opitirira 1,200.

Ku England a Joseph Swan nawonso anali atapanga babu lofanana nalo. M'malo mopitiriza mkangano, mu 1883 mbali ziwirizi zinaphatikiza malonda awo m'dzikolo. Mu 1884 a Lewis Latimer, munthu wakuda amene makolo ake anathawa ukapolo, analowa nchito kwa a Edison. Iwowa anali atapeza kale njira yabwino yopangira tumawaya ta khala.

Babu palokha silikanathandiza popanda magetsi ofika pakhomo. Motero pa 4 September 1882 a Edison anatsegula nyumba yopangira magetsi pa mseu wa Pearl Street, mumzinda wa New York, ndi kuyamba kugulitsa magetsi ku maofesi ndi nyumba zapafupi. Koma mtundu wa magetsi umene anaukakamira sunali kufika patali. Mtundu wina, umene a George Westinghouse ndi a Nikola Tesla analimbikitsa, unali kuyenda mitunda yaitali pa mtengo wotsika. A Edison anaunyoza kuti ndi woopsa, koma anagonja. Mu 1892 kampani yawo inaphatikizidwa ndi ina n'kukhala General Electric, ndipo ulamuliro unacoka m'manja mwawo.

A Edison anakwatira kawiri ndipo anabereka ana asanu ndi mmodzi. Anamwalira pa 18 October 1931 ku West Orange, ali ndi zaka 84. Boma la America linawapatsa ziphaso zokwana 1,093 zotsimikizira kuti ndiwo eni a zinthu zosiyanasiyana zimene anapanga.

Babu lawo linali ndi bvuto limodzi limene silinathe ngakhale pamene kawaya ka khala kanalowedwa m'malo ndi ka citsulo. Kuti liwale liyenera kutentha, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a magetsi amene limadya amathera pa kutenthako. Njira ina inaoneka mu 1962, pamene a Nick Holonyak, wanchito wa kampani yomweyo ya General Electric, anapanga LED yowala mofiira. Kuwala koyera kunatheka a Isamu Akasaki, a Hiroshi Amano ndi a Shuji Nakamura a ku Japan atapanga LED ya mtundu wa buluu, nchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2014.

Kusiyana kwake kumaoneka pa mita. Babu la LED la mawati 9 limawala ngati lakale la mawati 60. Nyumba ya mababu akale asanu, oyaka maola asanu usiku ulionse, imatha mayuniti 45 pa mwezi pa kuunika kokha. Ikaika a LED imatha mayuniti osakwana 7. Babu lakale limapsa pakatha maola pafupifupi 1,000, pamene la LED labwino limapitirira maola 15,000. Ngakhale kuti pogula ndi lodula, ndalamayo imabwerera pa mayuniti.

M'dziko la Zambia nkhaniyi ndi yaikulu cifukwa magetsi ambiri amacokera ku madzi. Pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba mu 2015 ndiponso mu 2024, bungwe la ZESCO linali kuzimitsa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku. Yuniti iliyonse imene babu lapulumutsa madzulo imatsalira cipatala, cigayo kapena mwana wa sukulu amene akuwerenga. Babu la a Edison likupuma tsopano, koma funso limene iwo anayamba nalo, loti kuunika kufike kwa anthu ambiri pa mtengo wocepa, likali kuyankhidwa.