Deskaheh, mfumu yomwe adaitsekera kunja ku Geneva

Paja akuluakulu adati mlandu suola. Lero ndati tiiwaleko kaye za mitengo ya katundu ndi mayeso, ndikufotokozereni za munthu wina yemwe adanyamula mlandu wa mtundu wake mpaka kutsidya la nyanja, ndipo adamwalira asadapatsidwe mpata woutula pabwalo. Dzina lake lobadwa nalo ndi Levi General, koma dziko limamudziwa ndi dzina laufumu lakuti Deskaheh.

Mkuluyu adabadwa m'chaka cha 1873 ku Grand River, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Adali wa mtundu wa Cayuga, umodzi mwa mitundu 6 ya eni nthaka yomwe idapangana kalekale kukhala pansi pa bwalo limodzi lotchedwa Haudenosaunee. Mitundu inayo ndi Mohawk, Oneida, Onondaga, Seneca ndi Tuscarora. Awa ndi anthu omwe azungu adawapeza pofika ku America. Ali mnyamata, Levi adagwirako ntchito yodula mitengo, koma atavulala adabwerera kwawo kukalima. Mu 1917 adalongedwa ufumu. Kumeneko ufumu umayenda kuchikazi, ndipo amayi akuluakulu a fuko ndiwo amaloza munthu woti alowe dzina. Achewa simungadabwe nazo zimenezi.

Nanga mlanduwo udali wotani? Pa nkhondo yomwe Amereka adamenya pofuna kudzilamulira, ambiri mwa anthuwa adathandiza Britain, ndipo adataya malo awo ku New York. Pofuna kuwapepesa, mu 1784 bwanamkubwa Frederick Haldimand adawapatsa malo m'mphepete mwa mtsinje wa Grand River, mamailosi 6 mbali ino ndi 6 mbali inayo. Iwo ankadziona ngati abwenzi a mfumu ya ku Britain okhala ndi boma lawolawo, osati anthu ake. Koma boma la Canada linkawaona ngati ana ofunika kuwalera pansi pa lamulo lotchedwa Indian Act. Mu 1920 lamuloli adalisintha kuti boma lizitha kusandutsa mwini nthaka kukhala nzika wamba ya Canada ngakhale iye mwini asakufuna. Anthu a ku Grand River adaona kuti izi zikapitirira, mtundu utha ndipo malo apita.

Mu 1921 Deskaheh adapita ku London pamodzi ndi loya wa ku America, George Decker, kukadandaula kwa Mfumu George V. Yankho lidachokera ku ofesi ya Winston Churchill, yemwe panthawiyo adali nduna yoona za mayiko olamulidwa ndi Britain, ndipo lidali lakuti nkhaniyi njoyenera boma la Canada. Taonani, munthu wadzasuma mnansi wake wolanda munda, bwalo n'kumuuza kuti akasume kwa mnansi yemweyo! Kumapeto kwa 1922 apolisi a Canada adalowa ku Grand River, ndipo posakhalitsa adamanga polisi pamudzi wa Ohsweken.

Apa m'pamene adaganiza zopita ku bungwe la League of Nations, kholo la United Nations ya lero, lomwe likulu lake lidali ku Geneva m'dziko la Switzerland. Adafika kumeneko mu 1923. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti sadayende pa pasipoti ya Canada. Adayenda pa chiphaso cholembedwa ndi bwalo la mafumu a kwawo. Akadatenga pasipoti ya Canada, ndiye kuti mlandu wautaya asadakwere n'komwe sitima, chifukwa akadavomera kuti ndi nzika ya dziko lomwe akukalisumiralo.

Ku Geneva adagawa chikalata chotchedwa The Redman's Appeal for Justice, chopempha kuti anthu ake avomerezedwe ngati dziko ndipo mkangano wawo ndi Canada uweruzidwe ndi anthu osakondera. Vuto lidali lakuti m'bungwemo ankalankhula ndi maboma okha. Kuti nkhani yako ilowe, pankafunika boma lina liinyamule. Poyamba dziko la Netherlands lidayesa. Kenaka Ireland, Estonia, Panama ndi Persia, yomwe lero timati Iran, adapempha kuti nkhaniyi imvedwe. Koma Britain, yomwe idali ndi mphamvu zambiri m'bungwemo, idawapanikiza mwakachetechete mpaka onse adabwerera m'mbuyo. Deskaheh adakhala ku Geneva kopitirira chaka, akulemba makalata, akugogoda pa zitseko za akazembe, akulankhula m'maholo a mumzinda momwe anthu wamba ankabwera kudzamumvera. Koma pamaso pa League of Nations sadaimepo ngakhale tsiku limodzi.

Iye ali kunjako, kumudzi zinthu zidaipa. Mu Okutobala 1924 boma la Canada lidathetsa bwalo la mafumu la ku Grand River, apolisi adalanda zikalata ndi malamba a mikanda otchedwa wampum momwe anthuwa amasungira mapangano awo, ndipo boma lidakhazikitsa khonsolo yochita kuvotera. Tsono Canada inkatha kunena kuti munthu uja ali ku Geneva sakuimira aliyense. Njira imeneyi njakale, abale: ukalephera kuyankha mfundo za munthu, mchotsere mpando womwe wakhalira.

Kumayambiriro kwa 1925 adachoka ku Ulaya akudwala, ndalama zitatha. Ku Canada sadabwerere poopa kumangidwa. Adasungidwa ndi Mfumu Clinton Rickard ku Tuscarora, m'chigawo cha New York, pafupi ndi malire. Pa 10 Malichi adalankhula komaliza pa wailesi mumzinda wa Rochester, ndipo pa 27 Juni 1925 adamwalira ali ndi zaka 52. Kwawo kudabwerera maliro okha.

Wina anena kuti ameneyu adangotaya nthawi ndi ndalama za anthu osauka. Ine ndikukana. Mu 1977 nthumwi za eni nthaka a ku America zidalowa m'nyumba ya United Nations ku Geneva komweko, ndipo a Haudenosaunee adayendanso pa ziphaso zawo. Mu 1982 kudakhazikitsidwa gulu loona za eni nthaka, momwe iwo ankaloledwa kulankhula. Mu 2002 bwalo lokhazikika loona nkhani zawo lidakumana koyamba ku New York. Ndipo pa 13 Seputembala 2007 mayiko opitirira 140 adavomereza chikalata cha ufulu wa eni nthaka. Adakana ndi anayi okha: Canada, America, Australia ndi New Zealand, ndipo onsewa pambuyo pake adasintha maganizo. Canada yomwe ija idafika pokhazikitsa lamulo mu 2021 loti malamulo ake agwirizane ndi chikalatachi.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati? Pa 24 Meyi 2024, ku Geneva komwe kuja, mayiko a m'bungwe la WIPO adagwirizana kuti wopempha chiphaso cha umwini wa chinthu chomwe wapanga kuchokera ku chomera kapena chamoyo china, aziulula dziko lomwe adachitenga komanso anthu omwe adamupatsa nzeruzo. Mu Disembala chaka chomwecho, Malawi idakhala dziko loyamba kuvomereza panganoli. Inu ogulitsa mankhwala azitsamba, ufa wa malambe ndi zina zotere, dziwani kuti nzeru za agogo anu ndi chuma, ndipo alipo ochilondalonda. Eni nthaka a mayiko ena adakhala zaka zoposa 20 akutsata zokambirana zimenezi kuti mfundoyi ilembedwe.

Komabe tisanamizane kuti khomo latsekuka lonse. Ngakhale pa zokambirana za WIPO zija, eni nthaka adali oonerera. Mfundo yawo kuti ilowe m'chikalata, pankafunikabe boma lina liikhalire kumbuyo, monga momwe zidalili kwa Deskaheh zaka 100 m'mbuyomo. Povota, amavota ndi maboma. Kusiyana kwake n'kwakuti lero amalowa m'chipinda, amalankhula, ndipo mawu awo amalembedwa.

Kwa inu ophunzira, makamaka ofuna kudzakhala maloya ndi akazembe, funso lomwe mfumuyi idasiya lidakali pomwepo: kodi mudzi ukasemphana ndi boma lake pa nkhani ya malo kapena nzeru za makolo, ukadandaule kuti, ndipo aulankhulire ndani? Mlimi wa ku Grand River uja adaona kuti woyenera kulankhula ndi mwini wake, m'dzina la mtundu wake, ngakhale bwalo likhale lakutali chotani. Dzina la Deskaheh lidakalipo, ndipo mu 2023 mfumu yomwe idalowa dzinali idapita ku Geneva kukakumbukira ulendowu. Mpaka lero a Haudenosaunee alibe mpando wovotera ku United Nations, koma mlandu wawo sadausiye.