A Harry Nkumbula, Mkango wa ku Chilenje

Munthu wocokera kumudzi akafika mu Lusaka natsata mseu wa Burma, amapyola Kabwata, nafika ku Libala, ndipo akapitirira pang'ono ali mu Chilenje. Lero malo atatuwa ali m'kati mwa mzinda, nyumba zili thithithi, kotero kuti mlendo sangadziwe pamene Libala wathera ndi pamene Chilenje wayambira. Koma kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 Libala kunalibe. Chilenje anali kamudzi ka anchito kumapeto kwa tauni, kuseri kwake kuli thengo, ndipo m'kamudzi kameneka ndi mmene malemu a Harry Mwaanga Nkumbula anakhazika likulu la cipani coyamba ca anthu akuda m'dziko lino.

Lusaka mwini wake anayamba ngati kamudzi. Njanji yocokera ku Livingstone inafika m'caka ca 1905, ndipo pamalo poima sitima anapacha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka. Kwa zaka zambiri panali cabe masitolo owerengeka, alimi acizungu, makamaka Mabunu, ndi ngolo zao za ng'ombe, fumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja. M'caka ca 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu lake kucoka ku Livingstone kubwera kuno. Amene anajambula mzinda watsopanowo, katswiri wa ku Mangalande dzina lake Stanley Adshead, anaika maofesi ndi nyumba za azungu pamtunda wa Ridgeway, pamene pamapita mphepo. Munthu wakuda anali kuyesedwa mlendo m'tauni: abwere, agwire nchito, ayende ndi citupa m'thumba, akakalamba abwerere kwao. Ncifukwa cake ku Kabwata anamangako tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, toyenera mwamuna wosakwatira. Tina mwa tinyumbato tinasungidwa pa mudzi wa zamiyambo wa Kabwata.

Lamulo la 1948 ndilo linakakamiza makhonsolo ndi olemba nchito kupezera anchito acikuda nyumba zokhalamo ndi mabanja ao. Chilenje ndi Matero anakula kamba ka lamulo limeneli. Okhalamo anali makalaliki, amtengatenga a boma, madalaivala, aphunzitsi ndi amisiri, ndipo ambiri anali ocokera Kum'mawa, ku Fort Jameson imene lero ndi Chipata, ku Petauke, ku Lundazi, ena ku Nyasaland. Ndiwo amene anacititsa kuti Cinyanja cikhale cilankhulo ca pamsika mu Lusaka, ngakhale kuti dzikolo ndi la Asoli ndi Alenje.

A Nkumbula sanali a Kum'mawa. Anabadwa m'caka ca 1916 ku Maala, m'boma la Namwala, pakati pa Aila, anthu oweta ng'ombe m'madambo a mtsinje wa Kafue, kumene kumacitika mwambo wa Shimunenga. Anaphunzira m'masukulu a mishoni ya Methodist, natsiriza Sitandadi 6 pa Kafue Training Institute m'caka ca 1934. Ataphunzitsa kwao kwa zaka zingapo anapita Kumigodi, ku Mufulira ndi ku Wusakile mu Kitwe. Kumeneko analowa m'mabungwe oona za umoyo wa anthu akuda, amene masiku amenewo ndiwo anali pokha pamene munthu wakuda anali kuloledwa kudandaula. M'caka ca 1946 anapita ku Makerere m'dziko la Uganda mothandizidwa ndi Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu, ndipo pambuyo pake anaoloka nyanja kupita ku London. Anatenga dipuloma ya uphunzitsi, nayamba maphunziro a zacuma pa London School of Economics, koma digiri sanabwere nayo. Ndale zinawadyera nthawi. Mu 1949 iwo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda analemba cikalata cotsutsa maganizo a azungu ofuna kumanga pamodzi Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland.

Atabwerera kumudzi mu 1950 anayamba ayesa malonda, koma m'caka cotsatira anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress m'malo mwa a Godwin Mbikusita Lewanika. Congress imene anailandira inali ya anthu ophunzira owerengeka, yokonda kulemba makalata aulemu kwa Bwanamkubwa. A Nkumbula anaisandutsa cipani ca anthu wamba, ca makhadi, nthambi ndi misonkhano ya pabwalo, ndipo dzina linakhala African National Congress. Ofesi inali mu Chilenje, kudera lochedwa Mapoloto. Mafumu ndi nthumwi zocokera kumidzi, akatsika sitima kapena lole, anali kufunsa njira ya ku Chilenje. Tingati Lusaka anali ndi malikulu awiri, la Bwanamkubwa pa Ridgeway ndi la anthu akuda m'komboni. Mu 1953 mnyamata wina wa ku Chinsali, a Kenneth Kaunda, anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa cipani, nasamukira ku Chilenje komweko.

Mlandu waukulu unali wa Citaganya ca maiko atatu. Anthu akumidzi anaumva msanga, pakuti ambiri anali atagwirako nchito ku Southern Rhodesia ndipo anaona ndi maso ao mmene nthaka yabwino inalandidwira. Mu Malichi 1953, pamsonkhano mu Lusaka, a Nkumbula anatentha poyera cikalata ca boma la Britain cofotokoza za Citaganya, naitana anthu kuti asapite kunchito kwa masiku awiri a mapemphero kuciyambi kwa Epulo. Izi sizinayende. Boma ndi makampani anaopseza kucotsa nchito aliyense wojomba, ndipo bungwe la anchito a m'migodi, lotsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu, silinalowemo. Citaganya cinakhazikitsidwa caka comweco.

Cimene cinayenda bwino cinali ca pafupi ndi mphika. M'masitolo ambiri a m'tauni munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pakhomo. Anali kugulira pa kazenera ka kumbali, ndipo kogulitsa nyama anali kulandira phukusi lomanga kale, osaona cimene walipira. Mu 1954 Congress inauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula nyama m'masitolo otero. Amai a m'makomboni ndiwo ananyamula nkhondo imeneyi, cifukwa ndiwo anali kudziwa kuwawa kwa kumasula phukusi ndi kupezamo mafupa ndi mitsempha. Eni masitolo anamva kupweteka m'thumba. Mu Januwale 1955 apolisi atafufuza m'nyumba ndi mu ofesi, a Nkumbula ndi a Kaunda anamangidwa miyezi iwiri ndi nchito yakalavula gaga cifukwa copezeka ndi mabuku oletsedwa.

Ndende imodzi inatulutsa anthu awiri osiyana. A Kaunda anatuluka ali ouma mtima kuposa kale. A Nkumbula anayamba kukhulupirira kuti ufulu udzabwera mwa kukambirana ndi kulowa m'nyumba ya malamulo pang'onopang'ono. Acinyamata a m'cipani, monga a Simon Kapwepwe ndi a Munukayumbwa Sipalo, anayamba kung'ung'udza kuti mkuluyo wafooka, salandira uphungu, ndiponso akonda zosangalatsa. Ena mwa madandaulowo anali oona, ndipo ngakhale abwenzi ao sanali kukana. Mkangano unafika pacimake pamene Bwanamkubwa Sir Arthur Benson anabweretsa malamulo a masankho olola anthu akuda ocepa okha, a cuma kapena a maphunziro, kuponya voti. A Nkumbula anati alowe nao masankhowo, acinyamata anakana. Mu Okutobala 1958 cipani cinang'ambika, ndipo a Kaunda anatsogolera cipani catsopano ca Zambia African National Congress. Boma linaciletsa mu Malichi 1959, atsogoleri ake nathamangitsidwira kumadera akutali, pamene a Nkumbula anapambana mpando m'nyumba ya malamulo.

Pamenepa ndi pamene mzinda unayamba kuwapulumuka m'manja. UNIP itabadwa, a Kaunda anakhala m'nyumba nambala 394 mu Chilenje kuyambira Januwale 1960 kufikira Disembala 1962, ulendo wa miyendo cabe kucokera ku Mapoloto. Komboni imodzi inali ndi zipani ziwiri, ndipo anansi otungira madzi pampopi umodzi anali kuyang'anana ndi diso lofiira. Anthu atsopano amene anali kuthira m'tauni, ambiri acinyamata osapeza nchito, analibe mtima wodikira. Kumigodi, Kumpoto, ku Luapula ndi mbali yaikulu ya Kum'mawa kunapita ku UNIP. Mphamvu ya Congress inatsalira kwa alimi ndi oweta ng'ombe a Kum'mwera ndi madera ena a Pakati. Tsoka linaonjezapo. Mu 1960 galimoto imene a Nkumbula anali kuyendetsa inagunda ndi kupha wapolisi, ndipo anakhala m'ndende kuyambira mu 1961 kufikira kuciyambi kwa 1962, nthawi yomwe dziko linali kuwira ndi Cha Cha Cha. A Katilungu, amene anawagwirira mpando, anafa pangozi ya galimoto mu Novembala 1961.

Komabe tsiku lao lalikulu linali lisanafike. Pamasankho a kumapeto kwa 1962 cipani ca azungu ca United Federal Party cinapeza mipando 16, UNIP 14, Congress 7. Panalibe amene akanapanga boma payekha. Mipando isanu ndi iwiri ya a Nkumbula inasanduka kiyi wa dziko lonse. Iwo anali atapangana kale ndi cipani ca azungu kuti azithandizana mavoti, ndipo anali paubwenzi ndi Moise Tshombe wa ku Katanga, mdani wa UNIP. Azungu anawalonjeza zambiri. Kumbali inayo kunali anthu amene anawagalukira, amene kwa zaka zinai anali kuwanyoza pamisonkhano. Kwa masabata angapo maso onse, a ku Salisbury ndi a ku London omwe, anali pa munthu mmodzi. Akadasankha azungu, Sir Roy Welensky akadanena kuti anthu a Northern Rhodesia avomera Citaganya, ndipo ufulu ukadacedwa, mwina ndi mwazi wambiri. Mu Disembala 1962 a Nkumbula anasankha a Kaunda. Boma loyamba lotsogozedwa ndi zipani za anthu akuda linapangidwa, iwo nakhala nduna ya maphunziro a anthu akuda, ndipo Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963. Munthu amene anatentha cikalata cija ndiye anakhomera msomali wotsiriza, ngakhale anadziwa kuti mpando waukulu sudzakhala wake.

Pamasankho a Januwale 1964 UNIP inatenga mipando 55, Congress 10. Pa 24 Okutobala dziko linalandira ufulu, a Nkumbula ali mtsogoleri wa otsutsa boma.

Ufulu unasintha Lusaka mofulumira kuposa mmene aliyense anaganizira. Citupa citatha, munthu anali womasuka kubwera m'tauni ndi mkazi, ana ndi adzukulu. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000 mu Lusaka, wa 1969 anapeza oposa 260,000, ndipo pofika 1980 anapitirira 500,000. M'zaka za m'ma 1960 khonsolo inamanga Libala pamalo amene anali pakati pa Kabwata ndi Chilenje, gawo ndi gawo, ndipo ncifukwa cake anthu amachula Stage 1, Stage 2 ndi ena otsatira. Zinali nyumba za mabanja, zokhalamo makamaka anchito a boma latsopano. Akuluakulu analowa kumayadi, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene kale munthu wakuda anali kugonako ngati wanchito wa m'nyumba cabe. Osowa nyumba za khonsolo anadzimangira okha ku Kalingalinga, ku Kanyama, ku Chawama ndi kwina. Unyinji umenewu unali wa UNIP, ndipo munthu wa khadi la Congress nthawi zina anali kuvutika kugula pamsika kapena kukwera basi.

Anthu anawacha Mkango Wokalamba, koma mano anali akalipo. Mu 1968 Congress inakwera kufika pa mipando 23, itathandizidwa ndi mavoti a ku Bulozi. Pamene boma linalengeza mu 1972 kuti dziko lidzakhala la cipani cimodzi, a Nkumbula anakana, napita kukhoti, koma mlandu unawagwa. Lamulolo linasainidwa mu Disembala 1972. Pa 27 Juni 1973, ku Choma, analengeza pamodzi ndi a Kaunda kuti iwo ndi otsatira ao alowa UNIP. Ena anati agulitsa cipani, ena anati apulumutsa anthu a Kum'mwera ku cidani cimene cikadakula. Mu 1978 anayesanso, pamodzi ndi a Kapwepwe amene anawagalukira zaka makumi awiri m'mbuyomo, kupikisana ndi a Kaunda pa utsogoleri wa UNIP. Malamulo a cipani anasinthidwa msonkhano uli pafupi, ndipo onse awiri anatsekeredwa kunja. Anadandaulanso kukhoti, osaphula kanthu.

A Nkumbula anamwalira pa 8 Okutobala 1983, naikidwa kwao ku Maala. Ulamuliro wa zipani zambiri umene anaumenyera kukhoti unabwerera patapita zaka zisanu ndi ziwiri, kumapeto kwa 1990. Mu 1996 nyumba za khonsolo za ku Libala, Chilenje ndi Kabwata zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo ana a anthu aja amene anali kuyesedwa alendo m'tauni anakhala eni nyumba. Nyumba nambala 394 inasungidwa ngati cikumbutso ca dziko. Dzina la a Nkumbula linapatsidwa ku bwalo la ndeke la ku Livingstone m'caka ca 2011, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2,200,000 m'boma la Lusaka.