Barney Barnato: venda wa miyala yemwe adasanduka mpondamatiki

Nyengo ya fodya ikafika, ku Chamama kumadzaza mavenda oyenda ndi sikelo khomo ndi khomo, kugula motchipa kwa alimi omwe sangadikire msika wa ku Chinkhoma. Umu ndi momwenso adayambira Barney Barnato, kungoti iye ankagula dayamondi wongotuluka kumene m'nthaka.

Barnato, yemwe dzina lake lenileni lidali Barnet Isaacs, adabadwira m'banja losauka la Chiyuda ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. Bambo ake ankagulitsa zovala zakale. Sukulu sadapite nayo patali, ndipo ankapeza yasopo pochita zisudzo ndi nkhonya.

Mu 1873 adatsatira mkulu wake Harry ku Kimberley m'dziko la South Africa. Mpamba wake udali mabokosi a ndudu zikuluzikulu, koma za miyala sankadziwa olo pang'ono.

Ntchitoyi ndi yovuta. Dayamondi wosasema sanyezimira ngati wapamphete, amangooneka ngati kachidutswa ka botolo. Mtengo wake umatengera kulemera, mtundu komanso ming'alu yamkati yomwe diso lachilendo silingaone. Ukaphonya pamenepo, mpamba wonse wapita.

Nkhani imamveka yoti Barnato ndi mnzake Louis Cohen adagula kavalo kwa venda wina yemwe ankasiya bizinesiyi. Akamumasulira chingwe, kavaloyo ankaima yekha pamisasa yomwe mbuye wake wakale ankagulako miyala. Basi, makasitomala adapezeka.

Komabe kugula timiyala sikudamulemeretse. Pofika 1876 adali atasonkhanitsa ndi Harry mapaundi 3,000, ndipo adagula zigawo zinayi mumgodi wa Kimberley. Apa n'kuti dothi lachikasu likutha, ndipo ambiri ankagulitsa malo awo poganiza kuti thanthwe lobiriwira la pansi pake mulibe kanthu. Barnato adakhulupirira kuti chuma chili pansipo, ndipo adalasa.

Kulemera kwake kudabwera ndi manong'onong'o oti ankagula miyala yobedwa, ngakhale khothi silidamupezepo wolakwa. Omwe adalipira mtengo wa mphekesera zotere ndi antchito achikuda. M'zaka za m'ma 1880 eni migodi adayamba kuwatsekera m'makomboni ndi kuwasecha thupi lonse, moyo womwe agogo athu opita ku Joni pa Wenela adakaupezanso.

Atalimbana kwambiri ndi Cecil Rhodes, mkuluyu adagonja mu 1888 ndipo kudabadwa kampani ya De Beers Consolidated Mines. Chaka chotsatira, kampani yake ya Kimberley Central idagulidwa ndi cheke cha mapaundi 5,338,650. Kenako adalowerera migodi ya golide ku Johannesburg.

Ndalama zidalipo koma mtendere wamumtima udasowa. Pa 14 June 1897, akubwerera ku England pasitima ya Scot, adagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Madeira. Mtembo wake adauvuula n'kukauika ku Willesden mumzinda wa London.